Kuwerenga masekondi pa M1, kuchokera pa Thabwa mpaka ku Nsanje

Lolemba, Thabwa

Tanyamuka ku Blantyre m'mamawa tili atatu, tonse a ntchito yoyeza kayendedwe ka galimoto pamsewu. Katundu ngwochepa: mawotchi awiri owerengera masekondi, tepi ya mamita 50, mapepala, mapensulo ndi zigubu za madzi. Chatibweretsa kuchigwa kuno ndi mawu amene amamveka galimoto zikathithikana pamsika: "angotiikira maloboti ngati ku Blantyre." Tikufuna kuona ngati angathandizedi, ndipo ngati angathandize, masekondi ake angagawidwe bwanji.

Phunziro loyamba lili pamtsetse womwewu. Potsika makhotakhota a phiri, pofika pa Thabwa fungo la mabuleki otentha limakulonjerani musanatuluke m'galimoto. Lole yodzaza simenti imene yatsika phiri lonse itaponda buleki siingaime ngati mmene ingaimire pamalo athyathyathya, ndipo nkhani ya nyali yachikasu yagona pomwepo. Nyali imeneyi sachita kuilota. Mumatenga sekondi imodzi yoti dalaivala aone ndi kusuntha phazi, nkuwonjezera liwiro la galimoto, m'mamita pa sekondi, mutaligawa ndi 6. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita 13.9 pa sekondi, choncho chikasu chimafuna masekondi 3.3. Msewu ukakhala wotsetsereka mamita 5 pa mamita 100 aliwonse, mumagawa ndi 5 m'malo mwa 6, ndipo masekondi amafika 3.8. Pa liwiro la 60 pamtsetse womwewo ndi 4.3. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala. Pamsewu, chikasu chikafupika pamakhala kadanga kamene dalaivala sangathe kuima komanso sangathe kudutsa nyali isanafiire, ndiye ena amaponda buleki mwadzidzidzi nkugundidwa kumbuyo, ena amangolowa. Ife patsinde pa phiri ngati apa sitingaike loboti konse.

Lodibuloko ya pa Thabwa nayo ndi loboti, kungoti ya munthu. Mzere umodzi wa msewu, nyali itabiriwira, umatulutsa galimoto imodzi pa masekondi awiri aliwonse, kutanthauza pafupifupi 1,800 pa ola. Ngati galimoto iliyonse iima masekondi 20 kuti ionedwe, potulukira pamangodutsa 180 pa ola. Apa sipathithikana kwenikweni chifukwa galimoto zake n'zochepa, komanso zofunika kufufuzidwa bwino zimapatutsidwira pambali. Malo opatukirawo ndiye chinsinsi chake.

Tawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu dzuwa lili paliwombo.

Lachiwiri, Dyeratu

Pa Dyeratu msewu wopita kuboma la Chikwawa ndi ku Majete umapatuka pa M1. Lero ndi tsiku lowerenga.

Musanatulutse pepala, kaonaneni ndi anyakwawa kapena apampando a msika. Ndipo musavale jekete yonyezimira. Munthu wonyezimira atagwira pepala pamphambano amasintha msewu wonse: njinga zamoto zimayamba kuzembera kuseri kwa magolosale, maminibasi amaima mwaulemu umene alibe masiku onse, ndipo zimene mwalemba zimakhala zabodza. Ngakhale tinakhala pansi pa mtengo ngati anthu odikira basi, wakabaza wina anabwerabe.

"Abwana, mukulemba manambala a njinga?"

"Ayi achimwene, tikungowerenga zodutsa."

"Ndiye ine mundiwerenge kawiri, ndibweranso."

Ananena zoona, ndipo timamuwerengadi kawiri. Chimene chimawerengedwa ndi maulendo odutsa pamphambano, osati eni ake.

Pepala limagawidwa chonchi. Mbali iliyonse yolowera pamphambano ili ndi mizere yake: owongoka, okhotera kumanzere, okhotera kumanja. Mzere uliwonse umagawidwanso potengera mtundu wa chodutsacho, ndipo pepala limasinthidwa pa mphindi 15 zilizonse. Mphindi 15 n'zofunika chifukwa ola lathunthu limabisa zinthu. Basi yaikulu ikatsitsa anthu, kapena sukulu ikaweruka, chipwirikiti chake chimatenga kotala ya ola nkutha, koma loboti iyenera kutha kunyamula kotala imeneyo. Tikatero timasandutsa zonse kukhala muyeso umodzi wa galimoto yaing'ono. Minibasi timaiyesa 1.5, lole 2 kapena 3 malinga ndi kutalika, njinga yamoto theka, yakapalasa kuchepera apo. Ngolo ndiyo imavuta, tiikamba mawa.

Munthu mmodzi asapatsidwe mbali zoposa imodzi pa nthawi yotanganidwa, ndipo pakatha maola awiri apume. Kuno dzuwa likafika m'ma 11 maso amayamba kuona lole imodzi ngati ziwiri.

Ku America buku la boma la zizindikiro za pamsewu lili ndi muyeso wodziwira ngati mphambano ikuyenera loboti: galimoto 500 pa ola mumsewu waukulu ndi 150 mumsewu wolowererawo, kwa maola asanu ndi atatu a tsiku wamba. M'tauni yaing'ono manambalawo amatsika kufika 350 ndi 105. Si lamulo lathu, koma maganizo ake ngabwino. Loboti imene yaikidwa pamalo opanda galimoto zokwanira imaimitsa anthu pachabe, madalaivala amazolowera kudutsa nyali itafiira poti kulibe chikubwera, ndipo tsiku limene chidzabwere ndi tsiku la maliro. Mmene taonera pa Dyeratu, wochokera kuboma sadikira nthawi yaitali kuti apeze mpata wolowera M1. Chimene chikusowa ndi malo oti wokhotera kumanja aimepo osatsekereza a m'mbuyo mwake, makamaka malole a nzimbe za alimi a ku Kasinthula akamadutsa kulowera ku Nchalo.

Lachitatu, Nchalo

Apa ndiye pali nkhani. Nchalo ndi tauni ya fakitale ya shuga ya Illovo, ndipo nyengo yodula nzimbe ino chilichonse chimakumana pa tala imodzi: malole, mathirakitala okoka matirela, maminibasi, akabaza ankhaninkhani, ngolo, mbuzi, ndi anthu opita kuntchito ya mashifiti.

Tinakhala ola lathunthu tikungoyang'ana tisanalembe kanthu. Minibasi ina inaima mutu uli kunja kwa msewu, matako ali pakati pa tala. Kondakitala anatsegula kumbuyo nkuyamba kumasula chingwe chimene chinamanga matumba atatu ndi beseni. Lole imene inali kumbuyo kwake siikanatha kulambalala chifukwa kutsogolo kunkabwera thirakitala, ndiye inaima, zonse za m'mbuyo mwake nazo zinaima, akabaza nkudzaza timipata tonse totsala. Minibasi itachoka, mfundo imene inamangidwayo inatenga nthawi yaitali kumasuka kuposa nthawi imene inaimayo. Panalibe mphambano pamenepo. Loboti ikanathandiza chiyani?

Komabe tiyeni tiyerekeze kuti pamphambano ina ya pano paikidwa maloboti, tione masamu ake. Njira imene ambiri timayambira ndi ya F. V. Webster wa ku Britain, ya mu 1958. Imafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi masekondi otayika pa kuzungulira kumodzi kwa nyali (kuchokera pamene mbali ina yabiriwira mpaka itabiriwiranso): nthawi imene galimoto yoyamba ikulowetsa giya, ndi nthawi imene mbali zonse zafiira kuti pakati payere. Tinene kuti ndi masekondi 5 pa gawo lililonse, magawo awiri (nthawi yobiriwira ya M1 ndi ya msewu wam'mbali), onse pamodzi 10. Chachiwiri ndi kulemera kwa mbali iliyonse, kumene ndi galimoto zofuna kudutsa pa ola kugawa ndi zimene mzerewo ungatulutse. Manambala awa ngongoyerekeza: M1 ikhale ndi 600 pa ola, msewu wam'mbali 360, mzere utulutse 1,800. Kulemera kwake ndi 0.33 ndi 0.20, pamodzi 0.53. Tsopano chulukitsani masekondi otayika ndi 1.5, onjezerani 5, mupeza 20. Gawani ndi chimene chatsala mukachotsa 0.53 pa 1, chomwe ndi 0.47. Yankho, lomwe ndi kutalika kwa kuzungulira kumodzi, ndi masekondi 43, tingoti 45. Mukachotsa 10 otayika aja, 35 otsalawo mumagawa molingana ndi kulemera: 22 ku M1, 13 kumbali. Loboti yotere njabwino, palibe amene angadikire mpaka kutopa.

Bwezerani minibasi ija pamalo pake, pafupi ndi mzere woimira, pamodzi ndi siteji ya akabaza ndi mabenchi a tomato amene alowa m'mphepete mwa tala. Mzere umene umatulutsa 1,800 uyambe kutulutsa 1,200. Galimoto sizinawonjezeke ngakhale imodzi, koma kulemera kwafika 0.8, ndipo kuzungulira kwa nyali kwakwera kufika masekondi 100. Ukatsika kufika 1,000, kulemera ndi 0.96, ndipo masamu amatulutsa masekondi 500, kutanthauza kuti palibe kagawidwe kalikonse kamene kangapulumutse mphambanoyo. Ndiye mukamva kuti maloboti akutiakuti m'tauni "anawatchera molakwika," yambani mwayang'ana chimene chaima pa mamita 30 omaliza musanafike pa nyali.

Nchifukwa chake nambala ya 1,800 sitiikopera m'buku. Timaiyeza. Pamalo pamene mzere wa galimoto waima nkuyamba kuyenda, mumasiya zinayi zoyambirira poti zimanyamuka mwaulesi, nkuyamba kuwerenga masekondi kuyambira yachinayi mpaka yomaliza pamzerewo. Masekondiwo mumagawa ndi chiwerengero cha galimoto zimene zadutsa pambuyo pa yachinayiyo, ndipo 3,600 mukaigawa ndi yankholo mwapeza mphamvu ya mzerewo pa ola. Bwerezani kosachepera ka 15 musanakhulupirire.

Pali zina zitatu zimene buku la kunja silikuchenjezani mokwanira.

Kukhotera kumanja. Poti timayenda kumanzere, wokhotera kumanja amadula njira ya obwera kutsogolo. Mmodzi yekha akaima kudikira mpata pamsewu wa mzere umodzi, nyali yobiriwira yonse imathera pa iye. Kumupatsa gawo lakelake kumawonjezera masekondi 5 otayika, ndipo mu chitsanzo chathu chija masekondi otayika akachoka pa 10 kufika 15, kuzungulira kumakwera kuchoka pa 43 kufika pafupi 60, tisanaonjezere n'komwe kulemera kwa gawo latsopanolo. Nthawi zambiri kukuza tala ndi mamita atatu kuti pakhale kathumba koimamo nkotchipa kuposa zimenezo.

Oyenda pansi. Muyeso wozolowereka ndi mamita 1.2 pa sekondi. Mayi amene wasenza beseni la milamba youma, mwana ali kumsana, wina wamugwira dzanja, sayenda choncho, ngakhalenso agogo a ndodo. Ife timatenga mita imodzi pa sekondi. Msewu wa mamita 10 ndi masekondi 10, kuwonjezera 5 oti anthu aone nyali nkuyamba kutsika. Ndi 15, pamene gawo la msewu wam'mbali linali ndi 13 okha. Choncho kuzungulira kukwere kufika 50, M1 itenge 25, kumbali 15. Oyenda pansi ndi amene aika malire, osati galimoto.

Ndiye ngolo. Nthawi imene mbali zonse zimafiira imawerengedwa potenga kutalika kwa mphambano, kuwonjezera kutalika kwa chodutsacho, kugawa ndi liwiro. Galimoto yaing'ono pa mphambano ya mamita 15 imafuna masekondi awiri osakwana. Njinga yakapalasa yonyamula thumba imafuna anayi. Ng'ombe ziwiri zokoka ngolo zimayenda ngati makilomita 4 pa ola, ndipo kuchokera pamphuno mpaka kumatayala n'kutalika ngati mamita 6, ndiye zimafuna masekondi 19. Palibe loboti imene ingafiiritse mbali zonse masekondi 19 nthawi iliyonse. Tinaonerera ngolo ya njerwa ikuwoloka, mnyamata ali chiimire pamwamba ndi chikwapu, ng'ombe yakumanzere itaima kaye pakati penipeni kununkhiza khoko la nzimbe. Ngolo zimafunika powolokera pawo, kutali ndi mphambano.

Nchalo imafuna siteji ya maminibasi yotuluka mumsewu, malo a akabaza osaphimba ngodya, ndi kachilumba ka konkire pakati pa msewu koti munthu awoloke theka nkupuma. Zikachitika zimenezi ndi pamene tingawerengenso nkukamba za nyali.

Lachinayi, Ngabu

Ngabu imadzuka nyengo yogula thonje ndi masiku a msika wa ng'ombe. Lero kunali zii, ndiye tinakhala pamthunzi nkumakambirana za zitsulo zenizenizo, poti masamu abwino sapindula nyali ikazima.

Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'bokosi lachitsulo limene laima padzuwa mumatentha kuposa apo. Batire ya asidi imapangidwira madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umatsika ndi theka. Batire yoti ikhale zaka zinayi itha kufa chaka chimodzi chikangotha. Bokosi lipakidwe penti yoyera, likhale ndi kadenga kosiya mpata wa mphepo, ndipo mabowo ake atchingidwe ndi sefa, apo ayi fumbi, nyerere ndi mavu zimangamo nyumba. Liikidwe pamwamba pa chipilala cha konkire, poti madzi osefukira a kuno sapempha chilolezo. Waya wopita pansi woteteza ku mphenzi asaiwalike.

Magetsi ake ndi otere. Mitu isanu ndi itatu ya nyali za LED, uliwonse ukudya mawati ngati 10, ndi 80. Kompyuta yoyendetsa idye 30. Pamodzi 110, kwa maola 24 ndi mayunitsi 2.6 patsiku. Powerengera maola asanu a dzuwa lamphamvu ndi zotayika m'mawaya, pakufunika mapanelo a sola a mawati pafupifupi 700. Kuti nyali zipirire masiku awiri a mitambo, ndi kukumbukira kuti batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupyola theka, mabatire asunge mayunitsi oposa 10. Ndi katundu wambiri, ndipo amakopa akuba, choncho mtengo wa loko ndi zotchingira ulowe m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Maloboti amakono amamva galimoto kudzera mu waya wokwiriridwa m'tala. Wayayo amamva chitsulo. Njinga amaimva movutikira, ng'ombe saimva konse, ndipo tala ikafewa ndi dzuwa malole nkumaikankha, wayayo amaduka. Akaduka, kompyuta imaganiza kuti mbali imeneyo ili ndi galimoto nthawi zonse nkumaipatsa masekondi onse amene inaloledwa, ngakhale pakati pa usiku. Anthu amati loboti yapenga, pamene ndi waya wa mamita ochepa. Kuno bola ya nthawi zoikiratu, yokhala ndi mapulani atatu kapena anayi: m'mawa, masana, madzulo, ndi chikasu chophethira usiku.

Lachisanu, Bangula

Kuchokera ku Ngabu msewu umawoloka mitsinje yambiri imene lero ndi mchenga wokhawokha. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa chimene mitsinje imeneyi imachita ndi milatho. Pa Bangula pomwe pano, njira yopita ku Chiromo inaduka kuyambira 1997, ndipo anthu amawoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato. Malo amene kugawa masekondi kuli ndi ntchito yeniyeni kuchigwa kuno ndi amenewa: msewu ukaduka theka, kapena pokonza mlatho, pamene mbali ziwiri zikubwerekana mzere umodzi.

Chimene chimadya nthawi ndi kudikira kuti womaliza atuluke. Tiyerekeze kuti chigawo chopapatiza ndi mamita 200, chafumbi, galimoto zikuyenda makilomita 20 pa ola, omwe ndi mamita 5.6 pa sekondi. Womaliza kulowa amafuna masekondi 36 kuti atuluke, ndipo nthawi yonseyo mbali zonse zafiira. Kawiri pa kuzungulira kumodzi ndi 72. Mbali iliyonse ikapatsidwa 30 obiriwira, kuzungulira ndi 132. Pafumbi galimoto zimasiyana masekondi atatu, ndiye zimalowa khumi nthawi imodzi, ndipo pa ola mbali iliyonse imadutsitsa ngati 270. Kontirakitala akatseka mamita 400 m'malo mwa 200 poti akuona kuphweka, kuzungulira kumafika 204 ndipo odutsa amatsika kufika ngati 175. Utali wa chigawo chotsekedwa ndiwo umalamula, choncho tsekani pang'onopang'ono, muzisuntha.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Nthawi yoyeretsa njira imawerengedwa ndi liwiro la galimoto yaing'ono, pamene womaliza kulowa ndi lole yolemera ikukwawa pa giya yoyamba, ndiye zimakumana pakati mphuno ndi mphuno, palibe wofuna kubwerera. Mzere woimira umaikidwa pafupi kwambiri ndi popapatiza, otuluka nkusowa pokhotera. Kanjira kochokera kumudzi kamene kamalowa pakati pa chigawocho kamaiwalika, ndipo wa njinga yamoto wotulukira mmenemo sadziwa mbali imene ikuyenda. Ngolo pa mamita 200 imatenga mphindi zitatu. Chifukwa cha zonsezi, anthu awiri a zikwangwani zofiira ndi zobiriwira, aliyense ali ndi wailesi ya m'manja, amaposa nyali zoyenda zokha. Wotsekera mbali ino amauza mnzake kuti womaliza ndi lole yoyera yonyamula njerwa, ndipo winayo satsegula mpaka ataiona ndi maso. Akhale ndi mthunzi, madzi, ndi wosinthana naye.

Agogo ena amene anatipeza tikuyeza m'lifupi mwa kalavati anatifunsa ngati tikudzakonza msewu. Titawafotokozera, anangoti "takhuta," nkupitiriza ulendo wawo.

Loweruka, Nsanje

Paboma pano msewu ngwaphee. Doko limene linatsegulidwa mu 2010 lili duu m'mbali mwa Shire, ndipo njinga zakapalasa ndizo zambiri pamsewu wolowera ku Marka. Palibe chowerenga chimene chingafike pafupi ndi muyeso wa loboti. Pafupi ndi sukulu ndi chipatala chofunika ndi zitunda zochepetsa liwiro ndi mizere yowolokera yooneka bwino.

Tatsala ndi nkhani imodzi imene ikukhudza kumtunda kumene tibwerere mawa. Maloboti akakhala angapo motsatana, ngati m'misewu ya mu Blantyre, aliyense atha kukhala wotcheredwa bwino payekha koma msewu nkumathithikanabe, chifukwa gulu la galimoto limene latulutsidwa apa likukafika kutsogolo nyali ikungofiira kumene. Mankhwala ake ndi kuchedwetsa wachiwiriyo ndi nthawi ya ulendo. Mamita 500 pa liwiro la 40 ndi masekondi 45, ndiye wachiwiri abiriwire masekondi 45 woyamba atabiriwira, kapena 40 ngati pamakhala galimoto zingapo zodikira kale zofunika kuchoka gululo lisanafike. Onse ayenera kukhala ndi kuzungulira kofanana, ndipo mawotchi awo agwirizane. Magetsi akathima nkuyakanso, bokosi lililonse limayamba kuwerenga pa nthawi yakeyake ndipo mgwirizano uja watha, pokhapokha likhale ndi wotchi yotenga nthawi ku GPS. Makina ngati SCOOT a ku Britain ndi SCATS a ku Sydney amasintha okha masekondi potengera galimoto zimene zilipo, koma amadalira mawaya omvera aja kuti akhale amoyo pamphambano iliyonse.

Mapepala a Dyeratu ndi Nchalo tawaika m'jumbo kuopa thukuta. Akuimira nyengo imodzi yokha, ya nzimbe ndi chilimwe. Pa Nchalo pafunika kuwerenganso mu Febuluwale fakitale itaima ndipo m'mbali mwa msewu muli matope okankhira oyenda pansi onse pa tala, ndipo pa Ngabu tidzabwere thonje likamagulidwa, tsiku la msika, kuyambira 5 koloko m'mawa.